Nsomba yauma koma mbatata sinapse: kukonza tajine ya nsomba yophikira mu uvuni

Mwatulutsa thireyi mu uvuni, fungo la adyo ndi cumin (chokometsera cha tinjere tonunkhira) ladzaza nyumba, ana ayamba kale kusuzumira kukhitchini. Mukubaya nsomba ndi foloko, yauma ngati yowamba. Mukubaya mbatata ya kachewere ya pansi, ikukana, pakati pake padakali poyera ndi polimba. Pansi pa thireyi paima madzi ofiirira, ambiri, opanda kukoma. Ine zimenezi zinandichitikira maulendo angapo ndisanadziwe pamene panali vuto, ndipo ulendo umene unandipweteka kwambiri kunali alendo, ndiwo zina ndinalibe. Ndinachita kuyengula mbatata yonse n'kuimalizira m'poto uku nsomba ikuzizira pa tebulo.

Chakudya chimene ndikunenachi ndi cha ku Morocco, makamaka m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic monga Safi, Essaouira, Agadir ndi Casablanca. Eni ake amachitcha tajine ya hout, ndipo hout m'Chiarabu cha kumeneko ndi nsomba. Amayala mbatata ya kachewere, karoti ndi anyezi pansi, nsomba pamwamba pake, kenako tomato, tsabola wobiriwira wosawawa uja, mandimu ndi maolivi. Chimene chimapereka kukoma ndi chermoula: masamba onunkhira a dhania ndi a parsley osinjidwa pamodzi ndi adyo, cumin, paprika, mchere, mafuta ndi madzi a mandimu. Dzina loti tajine ndi la mbale ya dothi ya chivundikiro chosongoka ngati denga la nkhokwe, koma mabanja ambiri nsomba yaikulu amaiyala pa thireyi ya chitsulo n'kuiphikira mu uvuni. Mavuto ambiri amabwera pa njira ya mu uvuniyi, ndipo gwero lake ndi limodzi: zinthu zimene zili pa thireyi imodzi sizipsa nthawi imodzi.

Chifukwa chiyani malangizo amati ola lathunthu

Mukawerenga kaphikidwe ka chakudyachi, nthawi zambiri amati yalani zonse pamodzi, vundikirani, ikani mu uvuni kwa ola limodzi kapena kupitirira. Malangizowo si abodza ayi, koma analembedwa poganizira nsomba ina. Ku Morocco amaphika nsomba ya m'nyanja ya mchere, yonenepa msana, yolemera kilogalamu imodzi ndi theka kapena awiri, yamphumphu ndi mutu womwe. M'madera akale a m'mizinda muli mauvuni a nkhuni a anthu onse otchedwa ferran, kumene mabanja amatumiza buledi wawo kuti akaphikidwe, ndipo thireyi ya nsomba nayo imanyamulidwa kupita komweko. Nsomba yaikulu choncho imapirira moto nthawi yaitali, moti pamene ikupsa mbatata nayo yafewa.

Tsono inu mwagula chambo cha magalamu 500, kapena zidutswa zopanda minga za m'filiji ya m'sitolo za nsomba ya m'nyanja ya mchere yotchedwa hake. Chambo chotero chimapsa m'mphindi 20 mpaka 25 pa madigiri 200 a Celsius. Chidutswa chopanda minga chokhuthala masentimita awiri ndi theka chimapsa m'mphindi 10 mpaka 12 zokha. Mbatata yaiwisi yoyalidwa pansi pa nsomba ndi tomato imafuna mphindi 45 kapena kuposa. Mukadikira mbatata, nsomba yatha ntchito. Mukatsatira nsomba, mbatata ndi yaiwisi. Palibe mlingo wa moto umene ungagwirizanitse ziwirizi, ndiye musavutike n'kusinthasintha kabatani ka uvuni. Mbatata iyenera kutsogola.

Pali njira ziwiri. Yachangu ndi kuiwiritsa kaye: isendeni, iduleni mozungulira mopyapyala ngati theka la sentimita, iponyeni m'madzi owira a mchere kwa mphindi 5 kapena 6, muitsanule isanayambe kusweka. Nsonga ya mpeni izilowa koma pakati pazimveka kaulimba pang'ono. Karoti ndi wouma mutu kuposa mbatata, muyambe ndi iye mphindi 3 mbatata isanalowe. Njira inayo, imene ine ndimaikonda chifukwa mbatata imamwa zokometsera, ndi kuyambira mu uvuni momwemo. Pakani mbatata, karoti ndi anyezi mafuta, mchere ndi theka la chermoula, thirani madzi masupuni aakulu 4, vundikirani ndi foyilo mothina, ndipo ziphike zokha mphindi 25 mpaka 30 pa madigiri 200. Musaike nsomba musanabaye mbatata ya pakati penipeni pa thireyi, chifukwa ya m'mphepete imanamiza, imapsa msanga. Ikafewa, ndiye muike nsomba, tomato ndi tsabola.

Kadulidwe nako kali ndi mbali yake. Zidutswa zikhale zofanana kukhuthala. Chidutswa chimodzi chonenepa pakati pa zopyapyala chimakhala chija chimene mlendo amachiluma n'kungokhala chete. Musaunjikenso mbatata mizere itatu kapena inayi. Mizere iwiri ndiye malire, ikachuluka tengani thireyi yotakata.

Mbatata yakhala ola lathunthu koma sikufewabe

Apa mpamene ambiri amadabwa, ndipo ine ndinatenga nthawi kuti ndizindikire. Mbatata yodulidwa bwinobwino, moto wokwanira, nthawi yokwanira, koma idakali gwa. Wolakwa ndi ndimu ndi tomato. Mayi aliyense amene anaphikapo nyemba amadziwa kuti ukathira tomato nyemba zisanafewe, uwononga makala ambiri. Amadziwanso kuti soda kapena chidulo chimafewetsa ndiwo msanga. Zifukwa zake n'zimodzimodzi ndi za mbatata. Timagawo ta mbatata tinamatidwa ndi chinthu chotchedwa pectin, chimene chimasungunuka pophika. Zowawasa zimachilimbitsa kuti chisasungunuke msanga, pamene soda amachisungunula mofulumira. Choncho mbatata yaiwisi imene yagona m'madzi a mandimu ndi a tomato imatha kukhala mu uvuni mpaka m'mphepete mwake kupserera, pakati pake osafewa.

Mankhwala ake si kuthira soda ayi, angawononge kukoma konse. Gawani chermoula pawiri musanafinyiremo ndimu. Gawo lopanda ndimu lipite ku mbatata, gawo la ndimu lipite ku nsomba. Tomato alowe pamodzi ndi nsomba, mbatata itafewa kale. Mbatata imene yafewa kale ndimu saibwezanso m'mbuyo, imangomwa kukoma kwake.

Ngati mwazindikira vutoli zonse zili kale mu uvuni, pulumutsani nsomba choyamba. Inyamuleni mosamala ndi zipande ziwiri, muiike m'mbale, muivundikire. Mbatata ndi msuzi wake zipite m'poto wovundikira pa moto wapakati, muthire madzi otentha pang'ono, ziwire mpaka zifewe. Pa moto wa pansi zimafulumira kuposa mu uvuni. Kenako bwezerani nsomba pamwamba mphindi ziwiri kuti itenthe.

Kudziwa kuti nsomba yapsa

Ambirife tinakula ndi nsomba yokazinga mpaka kuuma kapena yophika mpaka msuzi kuphwera, ndiye diso lathu limakayikira nsomba yofewa yonyezimira madzi. Pa chakudya ichi nsomba yofewayo ndiye yofunika. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya abaye pamene pali mnofu wochuluka, kumbuyo kwa mutu pafupi ndi msana: pakafika madigiri 63 yapsa. Amene alibe alowetse nsonga ya mpeni pamalo omwewo n'kutsegula pang'ono. Mnofu ukhale woyera mpaka pa fupa, osati wooneka ngati galasi, ndipo uzisiyana ndi fupalo mosavuta. Chipsepse cha pamsana mukachikoka chizizuka chokha. Mukaona timadzi toyera ngati mkaka wogona tatuluka tambiri pamwamba pa mnofu, moto wapitirira, tulutsani msanga.

Nsomba imapitiriza kupsa ngakhale mwaitulutsa, chifukwa mbatata ya pansi ndi thireyi zimasunga moto. Ndi bwino kuitulutsa itangotsala pang'ono, n'kuisiya mphindi 5 itavundikiridwa mopepuka. Yambani kuiyang'ana mphindi 5 nthawi imene mukuyembekeza isanakwane, popeza mauvuni ambiri a m'nyumba satentha molingana ndi nambala yolembedwa pa kabatani, ndipo kumbuyo kumatentha kuposa kukhomo. Tembenuzani thireyi kamodzi pakati pa nthawiyo.

Nsomba yamphumphu muicheke mizere itatu mbali iliyonse, mpeni ufike pa fupa. Mizereyi imalowetsa moto ndi chermoula pa mnofu wochindikala kuti upse pamodzi ndi wa kumchira. Ngati muli ndi zidutswa zopanda minga, mbali yopyapyala ya kumchira muipindire pansi, ndipo muziphimbe ndi tomato wodula mozungulira kuti moto wa pamwamba usaziume.

Msuzi wa madzimadzi

Vuto lachiwiri pa kukula ndi ili, ndipo limakhumudwitsa chifukwa ku Morocco chakudyachi amadyera buledi wawo wozungulira wotchedwa khobz, ndipo buledi amafuna msuzi wogwira, wofiira, wa mafuta onyezimira pamwamba. Msuzi ukakhala madzi, buledi amangonyowa. Ndi nsima ndiye zimaipiratu, chifukwa mbamu siitola kanthu.

Madzi amenewa simunathire ndinu nokha. Tomato pafupifupi yense ndi madzi, magawo 94 pa 100 alionse. Anyezi ndi tsabola nazo zimatulutsa madzi zikatenthedwa, nsomba nayo imatulutsa ake. Mukavundikira ndi foyilo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nthunzi imagunda foyiloyo n'kugweranso m'thireyi, palibe kumene ikupita. Chivundikiro chosongoka cha tajine ya dothi chinapangidwira ntchito yomweyo yobweza nthunzi, n'chifukwa chake ophika a kumeneko amathira madzi ochepa kwambiri, mwina osathira n'komwe. Amene tazolowera kuti ndiwo zimafuna kapu ya madzi timalakwira pamenepa. Masupuni 4 aja a poyamba ndi okwanira, ndipo ngati mbatata munaiwiritsa kale, musathire ngakhale dontho.

Nsomba ikalowa, musavundikirenso, kapena vundikirani mphindi 10 zoyamba zokha ngati ndi yaikulu. Thireyi ikhale yotakata ndi yosazama, chifukwa mbale yakuya imasunga nthunzi ngati poto. Tomato musankhe wa mnofu, wotalika uja, osati wamadzi wopsa kwambiri wa pa mulu wotchipa wa madzulo. Ngati amene alipo ndi wamadziyo, mudule, muchotse njere ndi madzi ake, muwaze mchere pang'ono, akhale m'sefa mphindi 15. Anthu awiri kapena atatu tomato 3 akukwana. Mukafuna kufiira kwambiri onjezerani supuni imodzi ya tomato wa m'chitini wophwaphwa uja m'chermoula ya nsomba, osati tomato wina wamuwisi.

Nsomba ya m'filiji youma ndi ayezi ndiyo imabweretsa chigumula chenicheni. Isungunukire m'filiji usiku wonse ili m'sefa yokhala ndi mbale pansi, osati padzuwa kapena m'madzi otentha. Ikasungunuka muipukute ndi kansalu koyera mpaka chala chisatererenso. Kuwaza mchere pang'ono n'kuisiya mphindi 15 musanaipukutenso kumachotsa madzi ena n'kulimbitsa mnofu. Ndinayesapo kuika zidutswa zidakali ndi ayezi pakati chifukwa cha changu, ndipo zimene zinatuluka zinali nsomba yowiritsa m'madzi ake omwe, chermoula yonse itakokoloka.

Zikachitika kuti madzi achuluka ndithu, musabwezere thireyi mu uvuni kuti aphwere, mupha nsomba. Pendeketsani thireyi, tungani madziwo ndi chipande, muwathire m'kapoto pa moto waukulu. M'mphindi 5 mpaka 8 atsala theka kapena kuchepera apo, ayamba kumata kumbuyo kwa supuni. Lawani mchere pamenepo, osati poyamba, muthiremo kasupuni ka chermoula yaiwisi ngati munasungako, n'kutsanulira pa nsomba. Kunena zoona, ngakhale tsiku limene zonse zayenda bwino ine ndimachitabe zimenezi, chifukwa msuzi wophwera padera umakoma kuposa wongotsala m'thireyi.

Mnofu wanyenyeka ngati phala

Mwina munakonza nsomba dzulo madzulo kuti zokometsera zilowerere, lero ikungophwasuka musanaigwire n'komwe, kunja kwake kuli ngati ufa wonyowa. Ndi ndimu yemweyo. Madzi a mandimu amasintha mnofu wa nsomba monga mmene moto umachitira, mungaone kuti umayera usanaphikidwe. Nyama ya mbuzi ingagone m'zokometsera usiku wonse, nsomba ayi. Zidutswa zopanda minga mphindi 30 zakwana, nsomba yamphumphu ola limodzi kapena awiri, ndipo nthawi yonseyo ikhale m'filiji. Ngati mukufunadi kukonzeratu dzulo lake, ipakeni chermoula yopanda ndimu, ndimu mudzafinyire pamene ikulowa mu uvuni.

Mtundu wa nsomba nawonso umasiyanitsa. Hake ndi yofewa mwachibadwa, siifuna kugwiridwagwiridwa, muiike pamene ikhale mpaka pa tebulo. Chambo ndi makumba zamphumphu zimagwirana bwino ndipo zimafanana kaumbidwe ndi nsomba zimene amakonda ku Morocco pa chakudyachi. Kampango wodula mapisi okhuthala ndi wabwino zedi, mnofu wake ndi wolimba, wamafuta, minga yochepa, ndipo amakhululuka mukachedwa mphindi zingapo. Karapau amatheka, koma fungo lake ndi lamphamvu, amafuna ndimu ndi cumin wochulukirapo. Nsomba youma kapena yowamba isiyeni, imeneyo ili ndi maphikidwe ake.

Kuwawa kosadziwika kumene kwachokera

Sindikunena kuwawa kwa tsabola, koma kuja kokhala ngati kwa mankhwala kumene kumatsalira kukhosi. Fufuzani malo atatu. Oyamba ndi mandimu odula mozungulira amene ambiri amayala pamwamba pokongoletsa. Khungu loyera la m'kati mwa khoko ndi njere zikaphikidwa nthawi yaitali zimatulutsa kuwawa kumene kumalowa mu msuzi wonse, ndipo mandimu athu a makoko okhakhala ali ndi khungu loyeralo lochindikala kwambiri. Dulani mopyapyala, chotsani njere zonse, musapitirire zidutswa 4, kapena asendeni kaye mpaka mnofu uoneke. Achiwiri ndi adyo ndi paprika zimene zatsala poyera pamwamba pa nsomba n'kupserera. Paprika sachedwa kupsa. Chermoula yambiri ilowe m'mimba mwa nsomba ndi m'mizere ija, yotsala pamwamba iphimbidwe ndi tomato.

Achitatu ali pa kutumbula. Ndulu ikaphulika, madzi ake obiriwira amalowa mu mnofu wa pamimba ndipo kutsuka kokha sikuwachotsa. Pamene paoneka chikasu chobiriwira muchekepo n'kutaya. Chotsaninso makha, zofiira zija nsomba imapumira, ndi magazi akuda amene amakhala motsatira fupa la msana m'kati mwa mimba. Kandani ndi chala kapena kasupuni pansi pa madzi mpaka fupa liyere. Fungo la matope limene anthu amadandaula nalo pa nsomba za m'madamu limachepa ndithu mukachita zimenezi n'kuchotsanso kakhungu kakuda ka m'mimba.

Mchere wapitirira, kapena zonse zili zii

Mchere umapitirira chifukwa umalowa pa makomo atatu osawerengedwa: m'chermoula, m'maolivi ndi m'mandimu osungidwa mu mchere. Mandimu amenewa ndi chuma cha khitchini ya ku Morocco. Amawang'amba panayi osalekanitsa, amawadzaza mchere, amawapanikiza m'botolo ndi madzi a mandimu ena, n'kudikira pafupifupi mwezi. Chimene chimagwira ntchito kwambiri ndi khoko lake lofewa. Litsukeni, mulidule ting'onoting'ono, ndipo kota kapena theka la ndimu limodzi likwanira thireyi yonse. Maolivi a m'botolo muwatsuke, alowe mphindi 10 zomaliza. Mukakhala ndi ziwirizi, chepetsani mchere wa m'chermoula ndi theka. Ngati mulibe, chakudya chimakomabe, palani chikasu cha kunja kwa khoko la ndimu muthire m'chermoula.

Kusakoma kwa zii nthawi zambiri ndi cumin wokalamba. Wa ufa amene wakhala m'kabati chaka chathunthu watha mphamvu. Gulani wa njere m'masitolo a zokometsera, kumene ena amamutcha jeera, mumukazinge pouma mphindi imodzi mpaka fungo lituluke, mumusinje. Pa kilogalamu imodzi ya nsomba ine ndimaika mtolo umodzi wa dhania, theka la mtolo wa parsley, adyo tizidutswa 4, cumin timasupuni 2, paprika timasupuni 2, mchere kasupuni kamodzi, mafuta masupuni aakulu 4 ndi ndimu limodzi. Kusinja mu kamtondo kumaposa makina, chifukwa makina amasandutsa masamba kukhala madzi obiriwira amene samata pa nsomba. Yambani ndi adyo ndi mchere, kenako masamba odulidwa kale, mafuta pomaliza. Mafuta a maolivi ndi okwera mtengo, ndipo a mpendadzuwa amagwira ntchito, kungoti fungo limasiyanako. Chimene sichingalowedwe m'malo ndi dhania wamuwisi. Parsley akasowa wonjezerani dhania, koma dhania akasowa ndi bwino kudikira tsiku lina.

Nsomba yamatirira pansi

Izi zimachitika nsomba ikakhudza chitsulo. Ophika a ku Morocco amayala timitengo ta bango kapena karoti wodula motalika pansi pa mbale kuti nsomba ikhale pamwamba. Bedi la mbatata ndi anyezi limagwira ntchito yomweyo, bola mutu ndi mchira zisalendewere kunja kwake. Anyezi akhale pansi penipeni, chifukwa mbatata ikagunda chitsulo chopanda mafuta nayonso imamata.

Mbale ya dothi yang'ambika

Amene anagula tajine yeniyeni, mwina ya ku Safi kumene kuumba mbiya ndi ntchito yotchuka, asamale ndi kusintha kwadzidzidzi kwa kutentha. Dothi silifuna kudzidzimutsidwa. Yatsopano imizidwe m'madzi usiku wonse, iume, ipakidwe mafuta, itenthedwe pang'onopang'ono ilibe kanthu. Pophika iziyambira mu uvuni wozizira, moto usapitirire madigiri 160 kapena 170, ndipo nthawi ya mbatata italikirapo. Yotentha musaikhazike pa simenti kapena pa sinki, koma pa thabwa, ndipo musathiremo madzi ozizira. Zokongoletsedwa ndi utoto wowala zambiri n'zoperekera chakudya pa tebulo basi. Utoto wina wonyezimira umakhala ndi mtovu, umene zowawasa monga ndimu ndi tomato zimausungunulira m'chakudya, choncho ngati wogulitsa sanatsimikize kuti ndi yophikira, musaphikiremo.

Magetsi akathima, kapena uvuni mulibe

Magetsi akathima nsomba ili m'kati, musatsegule chitseko. Uvuni wotseka umasunga moto wokwanira kumaliza chambo chimene chinali chitadutsa theka la nthawi yake. Dikirani mphindi 15 ndiye muyang'ane pa fupa. Ngati anathima mbatata isanafewe, samutsirani zonse pa mbaula.

Pa mbaula simukuchoka pa chikhalidwe cha chakudyachi, chifukwa ku Morocco tajine ya dothi imakhala pa kambaula ka makala kotchedwa majmar. Tengani sefuliya yotakata ya pansi pochindikala. Makala akhale oti ayera phulusa, ochepa, osati malawi. Yalani anyezi ndi karoti pansi, mbatata pamwamba, madzi theka la kapu popeza apa moto ukuchokera pansi ndipo nthunzi imathawa m'mbali mwa chivundikiro. Mbatata ikafewa ikani nsomba ndi tomato, vundikirani ndi chivundikiro cha chitsulo chafulati, n'kuika makala ena a moto pamwamba pake monga timachitira pophika chikondamoyo. A pamwamba achuluke kuposa a pansi. Musatakase ngakhale kamodzi. Mukamva kuti pansi payamba kugwira, gwedezani sefuliya pang'ono ndi manja awiri, muthire masupuni 2 a madzi otentha cha m'mbali. Nthawi ndi nthawi tungani msuzi ndi supuni muzithira pamsana pa nsomba. Chambo cha magalamu 500 chimapsa m'mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono malinga ndi makala anu, ndipo mphindi 5 zomaliza chivundikiro chitsegukeko kuti msuzi ugwire.

Zotsala zilowe m'filiji pasanathe maola awiri, zidyedwe mawa lake. Pozitenthetsa muyambe ndi mbatata ndi msuzi m'poto wovundikira pa moto wochepa, nsomba muiike pamwamba zitatentha kale, ingomva nthunzi mpaka itenthe mpaka pakati. Mukaibwezera mu uvuni wotentha, iuma monga ija munayamba nayo kudandaula.